Msoko ndi Wathu

Tadala ndi Yamikani, za ubwana wanga ku Dowa sindilemba. Agogo anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezera zina zimene ine mwini wake sindikuzikumbuka. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Adokotala atandiuza kuti msana wanga watha ndipo ndisadzanyamulenso belo, ndinapezeka ndili pakhonde kuno ku Area 23 ndi nthawi yambiri kuposa imene munthu wa mtima wapachala ngati ine ayenera kukhala nayo. Mayi anu ndi amene anati ndizilemba, m'malo molimbana ndi nkhuku za aneba. Koma ndikulemba makamaka chifukwa cha iwe Yamikani. Uli mnyamata unandifunsa chifukwa chimene sunapitire kusukulu yogonera komweko chikhalirecho unasankhidwa, ine n'kukuyankha kuti usandisokose. Yankho lake lili muno.

Ku Kanengo, nditangomaliza Fomu 4

Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba ina yosungiramo fodya. Ndinapita ndikuyembekezera ukalaliki, koma anandipatsa chisingano chachitali ndi mpukutu wa chingwe. Ntchito inali yosoka ziguduli za mabelo amene atsegulidwa kuti ogula aone fodya. Kapitawo wathu anali a Mbewe, bambo wamfupi wa ku Kasungu amene sankakweza mawu. Ankayenda pamzere wa mabelo, n'kulowetsa zala pamsoko, n'kukoka. Msoko ukamasuka sankakutukwana. Ankasolola chingwe chonse, n'kukuika m'manja, n'kupitirira. Tsiku lina atandisololera kambirimbiri ndinaponya singano pansi n'kuwafunsa ngati fodya amadandaula za msoko. Anandiyang'ana ngati akuona mbuzi yolowa m'tchalitchi. Anati fodya sadandaula, koma belo limenelo lidzakwera pamsana pa munthu wina kutali, ndipo likadzaphulika munthuyo adzatukwana amene analisoka asakumudziwa. "Wotukwanidwayo ndi iwe," anatero, n'kupitirira. Ndinatola singano ija ndikutokota, koma kuyambira pamenepo zala zanga zinazolowera kufunafuna msoko pa chilichonse, ngakhale pa malaya a mlendo amene wakhala pafupi nane m'minibasi.

Ntchitoyo inali ya nyengo. Msika wa fodya ukatsekedwa tonse tinkabwerera ku Mgona, kumene tinkakhala, kukadikira chaka china, tikudya za maganyu. Ndili mbeta zinkatheka. Nditadziwana ndi mayi anu ndinaona kuti banja silingadye miyezi ya fodya yokha.

M'tauni, chaka chimene ndinakwatira

Ndinapeza malo kwa bambo wina woitanitsa mabelo a kaunjika. Dzina lake ndilisunga. Ndinkatsitsa mabelo m'malole, ndipo amene aphulika panjira ndinkasankhula zovala zake ndi kuzimanganso. Masiku amenewo panali anthu amene ankanyoza kaunjika, ati ndi zovala za azungu akufa. Ine zimene ndinkaona zinali zina. Ndinkatembenuza buluku n'kupeza msoko wopindidwa bwino, wodutsidwa kawiri, matumba a nsalu yolimba ngati matanga a lole. Ndinkaganiza za amene analima thonje lake, amene analiwomba, amene anakhala pamakina kusoka, ndipo kenako munthu wina n'kulivala pang'ono n'kutopa nalo. Chovala chimenecho chinali chisanathe ntchito yake. Kuchitaya kunali ngati kutaya chimanga chifukwa thumba lake lada. Sindinawerenge zimenezi m'buku, ndinkaziona ndi zala. Jekete lakuda lija mumalidziwa, limene iwe Yamikani unavala pokafunsira ntchito, ndinaligula m'belo lina lophulika nthawi imeneyo.

Ndinachoka titakangana. Bwanayo anayamba kutiuza kuti pomanganso belo tiziika zovala zabwino m'mbali, moonekera papulasitiki, ndipo zosatha kugulitsika tizibisa pakati. Ogula athu anali amayi a m'misika ya ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, amene ankagula belo asanaone m'kati, ena akulisanjika manja kulipempherera lisanakwere pangolo. Ndinawauza bwana mawu amene sindingalembe pano, ndipo madzulo ake ndinalibenso ntchito. Mayi anu anali ndi pakati pa Tadala. Anangoti, "Ndiye pakamwa panupo mutiphikira?" M'mawa mwake anatulutsa zimene ankasunga kuchokera ku geni yawo ya mandasi, tinakagula belo lathu loyamba kwa wogulitsa wina.

Ku Chilinde, Tadala ali kumsana

Shedi imene ndinapeza mumsika wa Chilinde inali ya malata akale, ndipo pangodya pake panali kale munthu: telala wochokera ku Machinga, Che Saidi, ndi makina ake opalasa ndi mwendo. Mwini shedi anati ndikafuna ndimuchotse. Ndinamusiya chifukwa sabata yoyamba yomweyo ndinaona kuti popanda iye sindigulitsa. Azungu ndi anthu akuluakulu. Buluku lina ukalitambasula ungalowemo iwe ndi mlamu wako. Che Saidi ankaliyang'ana, n'kuyang'ana kasitomala, n'kuika choko, ndipo munthuyo akamabwerera kogula ndiwo ankapeza buluku lomukwana ngati anabadwa nalo. Zotsala podulapo ankasunga m'thumba la pansi pa makina, za zigamba.

Loweruka m'mawa linali tsiku lotsegula belo. Anthu ankazungulira ndisanadule n'komwe zomangira, ndipo lamulo linali lakuti wayamba kugwira ndiye mwini. Ndinaonapo amayi awiri a mvano umodzi akukokerana siketi mpaka kuiwala kuti mawa lake akhala benchi limodzi. Ine ndinkakalipa, Che Saidi ankaseka. Ankandinena kuti ndine ketulo yopanda chivundikiro, ine ndinkamuti ndi kamba wa pamakina. Lachisanu masana akapita kumzikiti ndinkamulondera makina, ndipo Lamulungu ndikapita kutchalitchi iye ankatsegula yekha.

Lonjezo limene linatitchukitsa mumsika monse linayamba mwangozi. Bambo wina anabweza malaya atasosoka pakhwapa, akulalata. Ndisanamuyankhe momwe ndimayankhira, Che Saidi anatenga malayawo, anawasoka, n'kumuuza kuti asalipire kanthu, chifukwa nsalu wagula ndi yake koma msoko ndi wathu. Mawuwo anakhala. Chovala chilichonse chochoka pabenchi pathu, chikasosoka, zipi ikafa, batani likathothoka, munthu ankabwera nacho n'kukonzeredwa ulere. Anzathu ankati tapenga. Koma zobwerera zinali zochepa, chifukwa ndisanapachike chovala ndinkachitembenuza n'kuchikoka ngati a Mbewe, ndipo chokayikitsa chinkayamba chadutsa pamakina. Panali mabanja amene ndinawaveka kuyambira thewera mpaka jekete la ukwati. Buluku la bambo likatha m'mawondo linkabwerera kwa Che Saidi n'kutuluka kabudula wa mwana.

Zaka za mabelo opepuka

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Ndalama zakunja zitayamba kusowa, mtengo wa belo unkakwera ulendo uliwonse wokaoda, ndipo nthawi zina unkapita n'kubwerako chimanjamanja. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri chinali m'kati mwa belomo. Munayamba kuchuluka timalaya topyapyala ngati khoko la anyezi, tina tikadali ndi pepala la mtengo wa kusitolo, osavalidwapo n'kamodzi komwe. Ukakoka msoko, ulusi sunkaduka, inkang'ambika ndi nsalu. Ndinazindikira kuti kumene zimachokerako anthu asiya kusoka zovala zoti zikhalitse. Akusoka zoti munthu avale pa chithunzi, mawa agule china. Zotsalira zimene palibe ankazifuna zinkachuluka. Anzathu ena ankazitaya kuseri kwa msika, ndipo dzinja lina ndinaona ndi maso anga ngalande itatsekeka ndi zisanza, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu. Ine ndi Che Saidi tinayamba kuzing'amba n'kumanga zikolopa ndi zopondera pakhomo. Sizinkabweretsa zambiri, koma sindinkafuna kuti chisanza cha pabenchi panga chikapezeke pakhomo pa munthu chitabwera ndi madzi.

Nthawi yomweyo m'tauni munadzaza masitolo a zovala zatsopano zotchipa, zowala, zonunkhira pulasitiki. Achinyamata anayamba kutidutsa. Apa ndi pamene amalume anu a Fanuwelo, mchimwene wa mayi anu, akulowera m'nkhaniyi. Iwo anali atayamba kukwera basi kupita ku Dar es Salaam kukaoda zovala zoterozo, ndipo zinkawayendera. Anabwera kunyumba Lamulungu lina masana atavala nsapato zosongoka, nanena zimene anabwerera mosazungulira, pamaso pa mlongo wawo. Ankafuna malo mumsika wa Chilinde. Shedi yanga inali pabwino, poyang'ana njira yolowera. Anati tiike zovala zawo shedi yonse, ndi pangodya pomwe, telala achoke chifukwa chovala chatsopano sichifuna telala. Ndipo anati iwe Yamikani, amene unali utangolemba mayeso a Sitandade 8, ukasankhidwa kupita kogonera, za sukulu yako zonse adzazisenza iwo.

Sindinali ndi njira ina yokutumizira kumeneko, ndipo onse m'chipindamo ankadziwa. Ndinavomera kuyesa. Tinagwirizana kuti zovala zawo zipachikidwe mbali imodzi kaye, ndipo zotsatira za mayeso zikatuluka ndimuuze Che Saidi kuti apeze pena. Sindinamuuze kanthu, koma munthu amene wakhala nawe zaka zonsezo safuna kuuzidwa. Anaona mahang'ala akulowa, anasuntha makina ake pang'ono kuti apereke malo, n'kundifunsa ngati alamu afunanso kuti awasitire. Analibe kwina kopita. Makasitomala ake anali anga, ndipo maso ake anali atayamba kale kuvuta moti ulusi ndinkamulowetsera pasingano ndine.

Ndinene zoona, zovala za a Fanuwelo zinkayenda. Atsikana ankaima, kujambula, kuitana anzawo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri mayi anu anasiya kundifunsa madzulo kuti zayenda bwanji, chifukwa ankaona okha.

Mwezi wa zinkhoswe

Mumsika momwemo munali mayi wina wogulitsa tomato, Nachisale, wamasiye, amene ana ake onse ndinawaveka. Mwana wake wamkazi, Chisomo, anali ndi chinkhoswe. Anabwera awiriwo kudzasankha diresi. Ine ndinali nditasunga ina ya m'belo, yabuluu, ya nsalu yolemera, yongofunika kuibweza m'chiuno. Mtsikanayo sanaiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa ina ya a Fanuwelo, yofiirira, yonyezimira. Anati pa tsiku lake safuna kuvala chimene wina anavalapo. Sindinamutsutse, ndi mwana, ndipo tsiku linali lake. Mayi ake anandifunsa ngati ili yolimba. Zala zanga zinali zitandiuza kale. Ndinayankha kuti ndi yatsopano, ndipo iwo anamva ngati ndavomera.

Lolemba lotsatira Nachisale anabwera ndi jumbo. Sanalalate, ndipo bwenzi zili bwino akanalalata, chifukwa kulalata ndimakudziwa. Anakhala pabenchi n'kufotokoza motsitsa mawu. Chisomo atatulutsidwa, anapita kukagwada pamaso pa akuchimuna monga mwa mwambo. Pogwadapo diresi inang'ambika kumbuyo, kuchokera m'chiuno kutsika, anthu onse akuona, mafoni ali m'mwamba. Azakhali ake anathamanga kukamukulunga chitenje. Mwambo unapitirira, koma mtsikanayo sanadzutsenso mutu mpaka kumapeto, ndipo kuyambira tsikulo anali asanatuluke m'nyumba. Atatha kufotokoza anatulutsa diresi ija n'kuiika pamakina.

"Paja mumati msoko ndi wanu," anatero.

Che Saidi anaitembenuza, anaiika pansi pa singano, n'kupalasa pang'onopang'ono. Paliponse pamene singano yadutsa, nsalu inkalekana ngati ukonde wakale. Anayesa kupinda kuti agwire polimba, polimba panalibe. Anayesa kuika kansalu kena m'kati, inang'ambikira pambali pa kansaluko. Anaimitsa mwendo, anavula magalasi, n'kundiyang'ana. Pa zaka zonse zimene tinakhala limodzi, aka kanali koyamba kuti chovala chochoka pabenchi pathu chibwerere ife n'kusowa chochita nacho.

Ndinamupatsa Nachisale diresi yabuluu ija kuti akampatse mwana. Anailandira mwaulemu, koma tonse tinkadziwa kuti chinkhoswe sichibwerezedwa.

Sabata yomweyo zotsatira zinatuluka, ndipo iwe Yamikani unasankhidwa kupita kogonera. Unathamanga kuchokera kusukulu mpaka kumsika kudzandiuza. Che Saidi anakugwira dzanja, anakuyamikira, kenako anayamba kupukuta makina ake ndi kansanza mosamala kwambiri, ngati munthu amene akukonzekera ulendo.

A Fanuwelo anabwera Loweruka, atanyamula chikwama china cha katundu, ali ndi chimwemwe chenicheni chifukwa cha iwe. Ndinawaonetsa diresi ija. Anaiyang'ana n'kunena kuti mtsikanayo anasankha yothina, ndipo pa mtengo umenewo munthu sangayembekezere chovala cha moyo wonse. Anati masiku ano anthu sagula kuti asunge, amagula kuti aoneke, ndipo ikang'ambika amabwera kudzagula ina, ndiye bizinesi imeneyo. Sankanama. Ndi mmene zilili, ndipo si iwo amene anazipanga. Ndinawafunsa kuti nanga lonjezo lathu. Anaseka.

"Alamu, lonjezo limenelo munalonjeza ndani? Boma? Siyani zachikale. Mwana apite kusukulu."

Anthu amene amandidziwa amayembekezera kuti ndinaponya mahang'ala panjira. Ayi. Tsiku limenelo mtima wanga unali zii, ndipo ndi chimene chinandiopsa. Ndinatsitsa zovala zawo chimodzichimodzi, ndinazipinda bwino, n'kuziika m'chikwama chawo. Ndinawauza kuti pabenchi panga sindingagulitse chinthu chimene sindingathe kuchiyankhira chikabwerera, ndipo telala sachoka.

"Ndiye mwasankha mlendo kusiya mwana wanu," anatero.

Ndinawayankha kuti atenge chikwama chawo dzuwa lisanatenthe.

Mayi anu sanandilankhule kwa nthawi yaitali, kupatula zofunika za pakhomo. Mawu amodzi okha amene ananena ndimawakumbukabe: anati ndi chapafupi kukhala munthu wa mfundo pamene amene aziyenda wapansi kupita kusukulu si iwe. Unapita kusukulu yoyendera, Yamikani, m'kalasi lodzaza, mabuku osakwanira, dzinja ukufika utanyowa. Unakhoza, koma sindinganene kuti zinali chimodzimodzi, ndipo sindikudziwa kumene ukanafika ukanapita kuja. Amalume anu anapeza shedi ina ku Area 25 ndipo anamanga nyumba yabwino kuposa ino. Timapatsana moni pamaliro.

Sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino. Ndikufuna udziwe kuti sindinakuiwale tsiku limenelo. Ndinkakuona bwinobwino, ndipo ndinkaonanso mwana wa Nachisale atagwada, ndi munthu wokalamba akupukuta makina. Ndinkadziwa kuti ndikavomera, moyo wanga wonse wotsala ndidzakhala ndikuuza anthu amene amandikhulupirira kuti "ndi yatsopano" pamene andifunsa ngati ili yolimba. Ndinaziyesa kamodzi, ndipo ndakuuza zimene zinachitika.

Lero

Che Saidi anakhala pangodya paja mpaka maso atakaniratu. Ana ake anamutengera kwawo ku Machinga, kumene anamwalira dzinja lapitalo. Makina anasiyira mwana wake wamkazi, Asiyatu, amene anaphunzira pa mwendo wa bambo ake. Za a Fanuwelo ine ndi Che Saidi sitinakambiranepo mpaka tsiku limene ankanyamuka. Ali pa depoti anangondiuza kuti, "A Kachingwe, ketulo ija inandisunga," basi n'kukwera.

Benchi tsopano ndi la Tadala. Mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kukwera kabaza kupita ku Chilinde osamuuza. Ndili patali ndinaona kuti mbali imodzi ya shedi kwapachikidwa zovala zatsopano zonyezimira zija. Ndinaima pa benchi la tomato ndikukonza mawu oti ndikamuuze. Mabelo akwera, ndikudziwa, ndipo theka la zotulukamo ndi zisanza, ndikudziwanso, koma ndinali wokonzeka kukalipa ndithu.

Ndisanasunthe, panafika mtsikana ndi mayi ake. Mtsikanayo analoza diresi ya mbali yatsopano. Ndinaona Tadala akuitsitsa, akuitembenuza, akulowetsa zala pamsoko n'kukoka pang'ono kuti onse awiri aone mmene nsalu ikulekanira. Kenako anatenga ina ya m'belo n'kuchita chimodzimodzi. Asiyatu anali pangodya, mwendo uli pamakina, akudikira.

"Sankhani nokha, amayi," anatero Tadala. "Iyi ndi ya tsiku limodzi, ndipo ikang'ambika musabwere nayo. Iyi inavalidwapo, koma msoko ndi wathu."

Sindinadikire kuti ndione imene anasankha. Ndinagula tomato amene sindinatumidwe, n'kubwerera kunyumba.